Malume Rodibuloko ndi Malume Ndikubwera

LOLEMBA

M'mawa. Sabata ino zonse zitheka. Ndalemba ndi bolopeni yofiira kuti ndisadzakane.

Ndiyale nkhani bwinobwino, mutu wanga uone pomwe pali mfundo. Ine ndikufuna kukwatira Tadala. Tadala akufuna. Mayi ake ku Lisungwi akufuna, mpaka ananditumizira dengu la manachesi. Tambala wa pa chinkhoswe ndinagula kale, ali pa chingwe kuseri kwa nyumba, akudya madeya ngati walembedwa ntchito m'boma. Chatsala n'chimodzi chokha: ankhoswe awiri agwirizane tsiku. Basi! Anthu awiri andevu zawo aloze chala pa kalendala.

Nkhoswe yanga ndi malume a Jailosi. Ali ku Joni, amalondera pa sitolo ya matayala. Akuti Lolemba likubwerali ndi tsiku lomaliza lopempha tchuthi kwa abwana awo. Likadutsa tsiku la chinkhoswe lisanadziwike, chaka chino sabwera, ndipo chinkhoswe palibe.

Nkhoswe ya Tadala ndi malume ake, a Dzimbiri. Ali ku Lilongwe, mu ofesi ya kapeti. Amamanga taye ngakhale Loweruka.

Miyezi itatu tsopano sanayankhulanepo. Foni onse ali nayo. Koma kuimba kunja kumadya mayunitsi, ndiye aliyense amangofulasha mnzake n'kukhala pansi kudikira kuti winayo aimbe. Kufulashana miyezi itatu! Banja langa lili pa kufulasha!

Ndiye ndaganiza za kompyuta. Pa ofesi yathu pano pa boma, a bungwe lina anatiikira dishi padenga. Magetsi akakhalapo, intaneti imakhalapo. Amalume onse awiri amacheza nane kale pa kompyuta, aliyense payekha. Vuto ndi ili:

1. Malume a Jailosi ali pa pulogalamu ya kankhope kachikasu koseka. Ndi yomwe ili mu kafe ya intaneti imene amapitako masana. Ndimaitcha Kachikasu.
2. A Dzimbiri ali pa ya tianthu tiwiri topanda maso. Ndimaitcha Tianthu.
3. Kachikasu ndi Tianthu sizilonjerana. Wa uku sangalembere wa uko. Mipingo iwiri yoyang'anizana pa msewu umodzi.

Masana. Ndapeza mankhwala! Munthu amene anaika dishi uja anasiya pulogalamu yachitatu mu kompyuta, palibe anaitsegulapo. Imeneyi imanyamula anthu a Kachikasu ndi a Tianthu n'kuwaika pa mndandanda umodzi. Ndaitcha Matola, poti siisankha wokwera.

Onse akwera. Ndikuwaona ndi maso angawa, malume pamwamba, a Dzimbiri pansi pake, phewa ndi phewa. Wina akakhalapo kadontho kake kamaoneka kobiriwira, akachoka kamatuwa.

Chinanso chokoma: Matola amalola kusintha mayina a anthu, ndipo akuti mayinawo ndimawaona ine ndekha. Ndawabatiza:

Malume a Jailosi: Malume Ndikubwera. Zaka zisanu ndi chimodzi akunena kuti ndikubwera Disembala.
A Dzimbiri: Malume Rodibuloko. Dzinali si langa, n'la Tadala. Tsiku lina apolisi atatitsitsa mu minibasi pa rodibuloko ya pa Zalewa kuti aseche katundu, iye anandinong'oneza kuti, "Malume anga ndi chonchitu. Palibe chodutsa osatsitsidwa." Tinaseka mpaka ku Lisungwi.
Tadala: Nachesi Wanga.
Mayi Nyirenda, mnzanga wa mu ofesi amene timalimbirana naye kompyuta imodziyi: Mpando Ngwanga.

Amalume awiriwo ndawaika m'gulu lawo lapadera, mutu wake Ondidwalitsa Mutu.

Pofika Lachitatu tsiku likhala litadziwika. Anthu amati Neno ndi kutali. Kutali kwa ndani?

LACHIWIRI

M'mawa. Bodza! Kukwera matola amodzi si kudziwana.

Ali pa mndandanda umodzi, inde, koma aliyense akuona ine ndekha. Malume sakuona a Dzimbiri, a Dzimbiri sakuona malume. Ine ndi amene ndikuona onse, ngati kondakitala. Ndiye phindu lake n'chiyani? Wopanga chinthu chimenechi anakwatirapo?

Ndayesa kukoka dzina la malume ndi mausi n'kuliponya pa dzina la a Dzimbiri, kuti mwina adziwana. Matola andifunsa funso m'Chingerezi, ine ndadina kuti inde. Awaphatikiza kukhala munthu mmodzi! Nkhoswe ya mwamuna ndi nkhoswe ya mkazi, thupi limodzi, kadontho kamodzi. Ine ndinapempha kuti aphatikize ine ndi Tadala, osati awa.

Kuwalekanitsa kwanditengera m'mawa wonse. Mayi Nyirenda aima kumbuyo kwanga ndi mafaelo awo, akupuma mokweza. Akuti lipoti lawo likufunika lero. Lipoti lawo limafunika lero tsiku lililonse.

Masana. Njira yachidule: mmodzi asamukire kwa mnzake. Kutsegula adiresi yatsopano ndi ulere, mphindi zisanu. Ndalembera onse mwaulemu wonse, mawu alionse ndayamba ndi a.

A Dzimbiri ayankha: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chiyambire makolo, akuchimuna ndi amene amapita kuchikazi. Abwere kuno."

Kuno kwake ndi Tianthu. Mwambo wa makolo walowa mu Tianthu! Agogo athu ankadziwa pasiwedi?

Malume ayankha: "Mphwanga, mu kafe muno mwini wake salola kuika zinthu zina. Komanso ine ndine wamkulu kwa Dzimbiriyo, ndinabadwa chaka cha dzombe chisanaiwalike. Uwauze ndikubwera."

Ndikubwera. Ndinadziwa.

Ndabwerera kwa a Dzimbiri, ndati mwina alembi awo angawathandize kutsegula Kachikasu. Akuti ku ofesi kwawo kankhope koseka n'ka ana asukulu, iwo sangakambe za ukwati wa mwana wa mlongo wawo pansi pa chinthu chongosekerera.

Zomwe zandikwiyitsa lero:
- Azungu amene anapanga mapulogalamu awiri osamvana, chonsecho onse amayankhula Chingerezi chimodzi.
- Chaka cha dzombe.
- Mpweya wa Mayi Nyirenda pakhosi panga.
- Tambala. Wadula chingwe, wakadya tomato wa aneba. Ndapepesa m'malo mwake. Ine wopepesera aliyense m'boma lino.

Tadala watumiza uthenga pa foni, ndauwerenga pa chulu kuseri kwa msika, poti netiweki imagwira pamenepo pokha: "Zili pati?" Ndayankha kuti zili bwino kwambiri.

LACHITATU

M'mawa. Chabwino. Ngati sangawoloke, mlatho ndikhala ine. Malume akalemba ku Kachikasu, ndikopera n'kukamata ku Tianthu. A Dzimbiri akayankha, ndikopera n'kubweza. Mawu awo okhaokha, ine manja chabe.

Madontho onse awiri abiriwira nthawi imodzi. Sizichitikachitika. Ndauza Mayi Nyirenda kuti kompyuta ili ndi vairasi, asayandikire.

Malume alemba: "Auze Dzimbiriyo kuti tisataye nthawi, ine mu kafe muno ndili pa mita."
Ine ndamata: "Ndikupereka moni waulemu kwa bambo a Dzimbiri ndi banja lonse."

A Dzimbiri alemba: "Munthu wofuna mbeta amayamba wanena kwawo, mtundu wake ndi mpingo wake. Sitipereka mwana kwa anthu ongotulukira pa waya."
Ine ndamata: "Akuthokoza moni, akufunsa za kumudzi."

Manja chabe, ndinatero? Ndasanduka sefa. Mphindi makumi anayi ndikusefa miyala mu mpunga wa anthu awiri amene sanaonanepo. Thukuta kamukamu, chonsecho kuno kumazizira.

Kenaka malume alemba chiganizo chabwino ndithu, choyamba lero: "Ife a kwa Jailosi tabwera ndi mtima woyera." Ndakondwa, ndakopera chonse osasintha. Sindinaone kuti kumapeto aikako kankhope kawo. Ku Kachikasu kankhope kameneko kamamwetulira. Kafika ku Tianthu katatulutsa lilime!

A Dzimbiri: "Ndani akunditulutsira lilime?"

Ndalongosola kuti si munthu, ndi mapulogalamu amene samvana pa zizindikiro. Ndalemba mizere isanu ndi iwiri. Kulongosolako ndi kumene kwandigwetsa.

A Dzimbiri: "Kodi amene ndikuyankhula naye ndi nkhoswe kapena mkamwini? Mawu onsewa akudutsa m'manja mwako? Unaona kuti munthu akudziyimira yekha pa ukwati wake? Za ankhoswe mkamwini samva. Ndiyankhula ndi mwini wake, pakhomo panga, kapena ayi."

Kadontho katuwa.

Kwinaku malume: "Nthawi yanga yatha, mphwanga. Zayenda bwinotu eti?"

Zayenda bwino! Munthu watulutsira lilime nkhoswe ya mkazi wanga, akufunsa ngati zayenda bwino!

Masana. Mayi Nyirenda akufunsa ngati vairasi ija yachoka. Ndati yachoka. Akuti, "Vairasi yake yofuna kukwatira imeneyo, achimwene?" Munthu wamkulu amawerenga sikirini ya mnzake?

Mapanga awiri avumbwitsa, akulu ananena. Koma akulu aja anali ndi ufulu wosankha phanga limodzi. Ine mapanga anga onse ndi amalume.

Masiku atsala anayi. Tambala wanenepa, wayamba kulira ngakhale masana.

LACHINAYI

M'mawa. Nzeru zabwera ndikutsuka mkamwa. A Dzimbiri akufuna malume afike pakhomo pawo, ku Tianthu. Malume sangapite. Koma dzina lawo lingapite!

Ndatsegula adiresi yatsopano ku Tianthu m'dzina la malume a Jailosi. Ndaikweza mu Matola pambali pa yanga. Tsopano ndine anthu awiri. Si bodza kwenikweni. Zimene ndinene ndi zomwe malume akananena akanakhala munthu wina.

Ndagogoda: "Odi kuno! Ndine Jailosi, malume wake wa mnyamata. Ndabwera ndekha monga mwa mwambo."

A Dzimbiri: "Fikani, bambo. Izi ndiye zaulemu."

Fikani, bambo! Ndanena kwathu ku Dedza, mudzi, mfunda, mpingo, zonse. Ndayamikira mnyamatayo pang'ono: wakhama, wosamwa, waluso pa makina. A Dzimbiri akuti mnyamatayo amaoneka wopupuluma. Ndavomereza kuti inde, ana a masiku ano. Kudzinena wekha miseche kuti ukwatire!

Afunsa za nyengo ku Joni. Ndati kukuzizira. Afunsa ngati matayala akutsika mtengo. Ndati akutsika. Kenaka alemba mawu amene ndawadikira miyezi itatu: "Tsono tsiku lake, ine ndimaganiza Loweruka la pa"

Phethi! Magetsi azima.

Loweruka la pa chiyani? La pa chiyani, anthuni? Ndagwedeza kompyuta. Ndathamangira kwa alonda kuti ayatse jenereta, akuti mafuta ake ndi a tsiku la msonkhano. Ndaima panja kuyang'ana mawaya ngati mlimi woyang'ana mitambo.

Masana. Magetsi abwera patatha maola atatu. Ndayatsa. Matola adzuka, ndipo anthu anga awiri, ine ndi malume abodza aja, tabiriwira limodzi, sekondi imodzi. Uthenga wa a Dzimbiri ukudikira kale:

"Ndaimbira foni mnzanga wa ku Neno, akuti magetsi anazima itangokwana leveni koloko. Nthawi yomweyo mkamwini anatuwa, ndipo a Jailosi a ku Joni anatuwanso. Tsopano mwabwerera limodzi. Kodi ku Joni amakoka magetsi pa waya wa ku Neno?"

Ndinawatcha Rodibuloko mwamasewera. Munthu uyu ndi rodibuloko yeniyeni, amasecha mpaka pansi pa mpando.

Ndavomera. Ndikanatani? Ndapepesa ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga. Ndati ndinachita chifukwa cha chikondi ndi kuchepa kwa masiku.

Kenaka: "Chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, ndikupatsa mwayi umodzi. Mawa unditumizire adiresi yeniyeni ya malume ako enieni. Alembi anga aona chochita. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, usandivutitsenso."

Agonja! Rodibuloko yakweza chitsulo! A Dzimbiri akupita okha ku Kachikasu!

Komabe ndine wokwiya. Nditanena zoona Lachiwiri anakana. Ndanama Lachinayi avomera. Tiziphunzitsa chiyani ana?

Ndafufuta malume abodza aja. Ndawamvera chisoni, anali munthu womvetsa zinthu.

LACHISANU

M'mawa. Lero palibe kulakwitsa. Adiresi ya malume ndi msampha: muli kamzere kapansi kawiri, muli ziro amene amaoneka ngati o, ndiponso Jailosi analembedwa ndi y poti wa i anali atatengedwa kale ndi Jailosi wina. Ndikalemba ndi manja, chilembo chimodzi chindiphera banja.

Ndafufuza mu Matola, ndapeza batani lotulutsa mndandanda wa anthu n'kuuika mu faelo. Makina alemba okha, makina salakwitsa sipelo. Ndadina. Kafaelo katuluka, kakang'onong'ono.

Ndimati ndikatsegule ndione, koma Mayi Nyirenda afika ndi chikwama chawo, akuti galimoto yopita ku Mwanza inyamuka teni koloko ndipo lipoti lawo likwera nawo, ndifune ndisafune. Ndatumiza kafaelo kwa a Dzimbiri msangamsanga. Ndatumizanso kwa malume, kuti nawo akhale ndi adiresi ya anzawo. Ntchito yaukhondo. Ndapereka mpando ndikumwetulira.

Ndagula mandasi a ofesi yonse. Ndauza Tadala pa chulu kuti ayambe kuyeza chitenje.

Masana. Mpando wabwerera kwa ine. Madontho a amalume onse ndi obiriwira, koma palibe wandilembera. Ndati mwina ali kalikiliki kukambirana. Pofuna kungosirira ntchito ya manja anga, ndatsegula kafaelo kaja.

Mayo ine.

Mayo ine, mayi wanga ku Dedza.

Zonse zilimo. Si maadiresi okha. Mzere woyamba, zilembo zikuluzikulu: Ondidwalitsa Mutu. Pansi pake adiresi ya a Dzimbiri, yolondola bwinobwino, ndipo pambali pake: Malume Rodibuloko. Pansi pake adiresi ya malume, ziro ndi timizere tonse m'malo mwake, pambali: Malume Ndikubwera.

Anati mayinawo ndimawaona ndekha! Analemba okha m'Chingerezi! Sabata yonse chinthu chimenechi chakana kuwolotsa moni, chakana kuwolotsa kumwetulira, chakana kuwolotsa adiresi imodzi. Lero chawolotsa miseche yonse, mbali zonse ziwiri, osataya ngakhale kadontho!

Ndafufuza batani lobweza uthenga. Kulibe. Ndapemphera kuti mwina magetsi anazima faelo isanafike. Lero, tsiku lokhali chiyambire mwezi uno, magetsi a ku Neno sanaphethire ngakhale kamodzi.

Ndalemba kwa a Dzimbiri: "Bambo, mu faelo muja muli vairasi, musatsegule." Kadontho kawo katuwa pomwepo. Ndalemba kwa malume. Katuwanso.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mandasi aja ndagula ndi ine.

LOWERUKA

M'mawa. Ndili pa chulu kuyambira sikisi koloko. Amayi ogulitsa mbatatesi akundiyang'ana, wina wafunsa ngati ndayamba kulalikira.

Foni yalira itakwana naini. Ndadikira kuti idule, poti ndi a Dzimbiri. Siikudula. Akuimba! Munthu amene sanandiimbirepo chiyambire, akuimba ndi mayunitsi ake! Ndavula chipewa, ndapinda bondo pa chulu pomwepo, amayi a mbatatesi akuonerera.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ayankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata ya boma.

Akuti dzulo atangowerenga faelo ija anatuma munthu kukagula makadi atatu a mayunitsi, n'kuimbira malume ku Joni. Anayankhula ola lathunthu. Akuti a Jailosi ndi munthu wanzeru, waulemu, ndipo akudabwa kuti ine ndinkawabisa chifukwa chiyani. Ine kuwabisa! Ine amene ndatha sabata ndikuwakankhira pamodzi ngati ng'ombe zokana goli!

Akuti apezanso kuti onse anaphunzirapo ku Ntcheu ndipo amadziwa mphunzitsi mmodzi wa masamu. Za mphunzitsi ameneyo anakamba mphindi makumi awiri. Za ine anamvana msanga.

Kenaka afunsa: "Dzina limeneli la Rodibuloko, unalipeka wekha, kapena alipo anakuthandiza? Chifukwa ndi anthu ochepa amene amadziwa khalidwe langa."

Ndaona minibasi ija pa Zalewa, katundu ali pansi, Tadala akubisa kuseka m'chitenje. Malume akewa ndi amene anamulera bambo ake atamwalira, ndi amene anamulipirira sukulu. Akamva kuti dzinalo linachokera pakamwa pake, bala lake silipola.

Ndati, "Ndekha, bambo."

"Wekha?"

"Ndekha. Ndili ndi mutu woipa."

Akuti pamenepo pokha ndanena zoona sabata ino. Chigamulo ndimva mawa, akamaliza kukambirana ndi mnzawo. Mnzawo! Lachitatu lomweli ankatulutsirana lilime!

Masana. Uthenga wa malume: "Mphwanga, ndakulera ndi ndalama za kulondera usiku, iwe n'kumanditcha Ndikubwera? Tchuthi ndapempha kale lero. Ndikubwera. Ulendo uno uona."

Zaka zisanu ndi chimodzi agogo akhala akuwaitana, mpingo wawaitana, maliro awiri awaitana. Wawabweretsa ndi faelo.

Kwa Tadala kuli zii. Ndafulasha kawiri, sanabweze. Pamenepa ndiye ndikuopa zenizeni. Amalume akwiye, ndipirira. Koma uyu akatopa nane, tambala uja ndidya ndekha ndi misozi.

Ndapita ku ofesi ngakhale n'Loweruka, ndachotsa Matola mu kompyuta. Yandifunsa ngati ndatsimikiza. Lachisanu bwanji sinandifunse?

LAMULUNGU

Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. Potuluka Mayi Nyirenda andigwira dzanja, akuti, "Mawa mulawire, achimwene, mpando ngwanu. Ine Mpando Ngwanga ndipuma kaye." Kafaelo kaja ndinakasiya pa sikirini. Ndangoti zikomo. Mphamvu zokwiyira zatha.

Chigamulo chafika masana, pa chulu. Uthenga umodzi, wosainidwa ndi onse awiri. Akuti tsopano amacheza tsiku lililonse, alembi a a Dzimbiri anawatsegulira Kachikasu Lachisanu lomwelo, mphindi zisanu. Ine andichotsa pa mndandanda, onse.

1. Chinkhoswe chaka chino palibe. Mkamwini akufunika kukhwima. Adzaonanso anthu akakolola.
2. Tchuthi cha malume chigwira ntchito ya mlandu.
3. Chindapusa: tambala mmodzi, wamkulu, wamoyo. Malume anawauza kuti ndili naye.
4. Nkhani za ankhoswe zisadzadutsenso pa chinthu chilichonse cholumikiza ku magetsi.

Ndiye ntchito yanga yatheka. Ndinafuna adziwane, adziwana. Ndinafuna agwirizane tsiku, agwirizana.

Ndikutsika pa chulu foni yanjenjemera. Tadala.

"Malume anandiwerengera faelo yonse. Pa Nachesi Wanga anatsokomola. Anandifunsanso za dzina lija, ndinati sindikudziwa, iwo anati mwavomera kale nokha. Ndinalira, kenaka ndinaseka, kenaka ndinaliranso. Inu ndinu chitsiru. Chitenje ndasunga. Ndidikira."

Ndawerenga kanayi. Ndakhala pansi pa chulu, nyerere zandiluma, sindinasunthe.

Madzulo ano ndamupatsa tambala madeya owonjezera. Si mlandu wake. Anabwera kudzakhala mboni ya ukwati, apita ngati chindapusa, ndipo m'nyumba muno ndi iye yekha amene sanandinenepo kanthu.

Loweruka likubwerali ndikwera matola enieni, a fumbi, tambala pamiyendo. Basi ya malume yochokera ku Joni idzera ku Mwanza. Ya a Dzimbiri ichokera ku Lilongwe. Ndafunsa kuti tikakumana kuti, ku Lisungwi kwa apongozi kapena kuno ku boma.

A Dzimbiri ayankha okha, mawu anayi: "Pa Zalewa. Pa rodibuloko."